Masensa a pa suweji kuno kuchigwa: tiyambe kuyeza chiyani mvula isanagwe?

Injiniya wa zamadzi, Chikwawa Boma:
Akuluakulu, mvula isanayambe tiyeni tithandizane nzeru pa zipangizo zotidziwitsa pa foni suweji ikayamba kudzaza. Kuno kuchigwa tilibe mapaipi akuluakulu a suweji a m'tauni monga ku Blantyre. Zathu ndi zing'onozing'ono, za pachipatala, pasukulu yogonera komweko, panyumba za ogwira ntchito pa esiteti: ma manhole 10 kapena 20, thanki ya septic, pena chitsime cha pampu, pena maiwe oyeretsera madzi a zonyansa kumapeto kwake. Malo athu ndi athyathyathya, madzi sathamanga okha m'paipi, mchenga ndi nsanza zimangokhala momwemo. Nthawi zambiri vuto timalidziwa zonyansa zitatulukira kale pa chivindikiro, ana akupondamo. Ndalama zikakhala zochepa, tiyambe kuyeza chiyani, ndi chipangizo chiti, ndipo uthengawo uzipita kwa ndani?

Wokonza mapampu, Nchalo:
Bwana injiniya, pamene pali pampu yambirani pomwepo, osati m'ma manhole. Paipi ikatsekeka ivutitsa nyumba zingapo, koma pampu ikaima malo onse amira tsiku lomwelo. Pa chitsime cha pampu pakufunika kudziwa zinthu zitatu: madzi afika pati, pampu ikudya magetsi ochuluka bwanji, ndipo magetsi a ESCOM alipo kapena azima.

Cha madzi, musanagule chilichonse chodula, ikani fuloti (switchi yoyandama pamadzi) ya alamu payokha. Mafuloti oyatsa ndi kuzimitsa pampu alipo kale, awa musawakhudze. Onjezani ina masentimita 30 pamwamba pa yoyatsira pampu, koma ikhale pansi pa kamwa la paipi yolowetsa madzi, kuti alamu ilire madzi asanayambe kubwerera m'mapaipi. Muilumikize kuti magetsi azidutsamo zinthu zikakhala bwino, madzi akakwera adule. Mukatero, ngakhale khoswe adule waya, alamu ilira. Mukailumikiza mwa njira inayo, waya woduka ndi chitsime chabwinobwino zimaoneka chimodzimodzi pa foni.

Cha magetsi a pampu, pali kachipangizo kotchedwa CT, kamangotsekulidwa n'kumangirira pa waya umodzi wopita ku pampu, osadula waya. Tsiku loyamba pampu ili yoyera lembani ma amp ake. Tinene kuti ndi 8. Ikayamba kudya 10 kapena 11, nsanza kapena matewera akulunga impela, chozungulira chimene chimakankha madzi m'pampu. Ikatsikira pa 4 kapena 5, ikuzungulira popanda madzi, mwina mwalowa mpweya kapena impela yatha ndi mchenga. Ikakhala pa 0 pamene madzi akukwera ndipo ESCOM ilipo, overload (choteteza mota ikadya magetsi ambiri) yagwa kapena contactor (switchi yoyatsira mota) yapsa. Kachipangizo kamodzi kameneka kamakuuzani zida zoti munyamule musananyamuke.

Mnyamata wa makompyuta, Dyeratu:
Achimwene a mapampu, fuloti imangoti "afika" kapena "sanafike". Bwanji osaika sensa ya ultrasonic, yoyeza mtunda ndi kaphokoso kobwerera kuchokera pamadzi, pamwamba kuti tiziona mlingo weniweni mphindi 15 zilizonse? Sensa ya JSN-SR04T ndi kabolodi ka kompyuta ka ESP32 ndi zotchipa, zimalumikizika masana amodzi. Sensayo sikhudza madzi n'komwe, ndiye siida.

Wokonza mapampu, Nchalo:
Siikhudza madzi, koma nthunzi imaikhudza. M'chitsime chotseka, usiku kukazizirako, madontho amamatira pa nkhope ya sensa ndipo imayamba kuwerenga zabodza. Kangaude akaluka ukonde pansi pake, imati chitsime chadzaza. Thovu la sopo lochokera kochapira limamwa kaphokoso kake, imati mulibe madzi. Komanso pafupi nayo, pa masentimita pafupifupi 25, siona kanthu, chomwecho nthawi yomwe madzi akwera zedi ndi yomwe imachita khungu.

Injiniya wa zamadzi, Chikwawa Boma:
Ndiwonjezerepo za kutentha, poti ndi vuto lathu lenileni kuno. Ultrasonic imayeza nthawi imene phokoso latenga kupita pamadzi ndi kubwerera. Liwiro la phokoso limasintha ndi kutentha kwa mpweya: pa madigiri 20 ndi mamita 343 pa sekondi, pa madigiri 40 ndi pafupifupi 355. Kusiyanaku ndi 3.5 peresenti. Pa mtunda wa mamita 2 mwaphonya ndi masentimita 7, madzi asanasunthe n'komwe. Ku Ngabu ndi ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala madigiri 40 si nkhani yachilendo. Masensa abwino ali ndi choyezera kutentha mkati mwake, koma dzuwa likamawomba bokosi lake, chimayeza kutentha kwa bokosilo osati kwa mpweya wa m'chitsime, ndiye kukonzako kumalakwikanso. Ikhale pamthunzi.

Chimene ndikukanira kwambiri, m'bale wanga wa ku Dyeratu, ndi methane, mpweya wotuluka m'zonyansa zoola. M'malo otseka mpweya umenewu ukafika 5 peresenti umayaka ndi kamoto kakang'ono kwambiri. Bolodi yopanga tokha, ya mawaya oonekera ndi batire, isalowe m'manhole kapena m'thanki ya septic. Zolowa mmenemo zikhale zolembedwa ATEX kapena IECEx, zizindikiro zoti zinavomerezedwa kugwira ntchito pamene pali mpweya woyaka. Yanuyo ndi yabwino pa dziwe kapena pa ngalande yapoyera, pamene mphepo ikuwomba, ndipo pamenepo ndingailimbikitse.

Mnyamata wa makompyuta, Dyeratu:
Ndamva bwana, za methane sindikutsutsa. Nanga m'chitsime tiikemo chiyani ngati tikufunabe mlingo weniweni?

Wamagetsi ndi sola, Bangula:
Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi radar ya 80 GHz. Imakhala pamwamba ngati ultrasonic, koma kutentha ndi nthunzi siziisokoneza kwenikweni, ndipo mafunde ake amayenda m'kanjira kopyapyala moti sigunda makwerero kapena mapaipi a m'mbali. Ndi yodula, koma simuitsukatsuka. Poiika, iyang'ane pansi chindunji, italikirane ndi khoma komanso ndi pamene madzi amagwera kuchokera m'paipi.

Yachiwiri ndi sensa yomira, yoyeza kulemera kwa madzi amene ali pamwamba pake. Mita imodzi ya madzi ndi 9.8 kPa. Tengani ya 4-20 mA, yonena mlingo kudzera mu kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya wake. Ngati ndi ya mamita 5, ndiye kuti 4 mA ndi chitsime chouma, 12 mA ndi mamita 2.5, 20 mA ndi mamita 5. Mukaona 0 mA dziwani kuti waya waduka, si kuti madzi atha, ndipo uwu ndiwo ubwino wa 4-20. Sankhani ya nkhope yoonekera yathyathyathya, chifukwa ya timabowo ting'onoting'ono ya m'mijigo imatsekeka ndi mafuta. Muiike mkati mwa paipi ya PVC ya mamilimita 110 yobooledwa m'munsi, ilendewere masentimita 20 pamwamba pa pansi kuti isakwiririke m'matope, ndiponso kuti pampu isaikoke.

Chimene ambiri amaononga ndi kachubu kopyapyala kamene kali mkati mwa waya wake. Kameneko ndi kopumira, kamathandiza sensa kuchotsera kulemera kwa mpweya wa kunja. Mukakapinda, mukakamata ndi tepi, kapena mukalowa chinyezi, mlingo umayamba kuyendayenda wokha. Kumapeto kwake kukhale m'bokosi louma, ndi kapaketi ka silica gel kosinthidwa mtundu wake ukasintha.

Koma ngakhale mugule radar, fuloti ya alamu ija isachoke. Ikhale pa waya wake, payokha.

Pulambala, Ngabu:
Zonsezi n'zabwino akulu, koma malo ambiri kuno alibe pampu. Ndi thanki ya septic ndi dzenje lomwetsera madzi basi. Pamenepo anthu amasokoneza kawerengedwe. Thanki ya septic yabwino imakhala yodzaza nthawi zonse, madzi amaima pa mlingo wa paipi yotulukira. Ndiye sensa yonena kuti "thanki yadzaza 90 peresenti" sikukuuzani kanthu. Chofunika ndi kusintha. Madzi akakwera masentimita 10 pamwamba pa pansi pa paipi yotulukira n'kukhalitsa, ndiye kuti paipi yooneka ngati T ya potulukira yatsekeka kapena dzenje lasiya kumwa. Akatsika pansi pa paipiyo popanda wopopa, thanki yang'aluka, zonyansa zikulowa m'nthaka, ndipo ngati pali mjigo pafupi nkhani yakula. Sensa kapena fuloti muiike m'chipinda chachiwiri, chifukwa m'choyamba muli chikhungu cha mafuta chimene chimagwira fuloti kuti isayandame.

Matope a pansi palibe sensa yotchipa yowaona. Ndi ndodo yaitali yokulungidwa nsalu yoyera, kuilowetsa pa T mpaka pansi, kudikira mphindi zingapo, kuitulutsa pang'onopang'ono n'kuona pamene kuda kwalekezera. Miyezi 6 iliyonse. Matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, itanani galimoto yopopa.

Mwini galimoto yopopa zimbudzi, Nsanje:
A pulambala mwalasa. Ndiwonjezere chimodzi. Mu Januwale ndi Febuluwale alamu ya thanki ikalira, musathamangire kupopa yonse. Dera la kufupi ndi Shire ndi madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, madzi a pansi pa nthaka amakwera kufika pafupi ndi pamwamba. Dzenje lomwetsera limakhala lodzaza ndi madzi a m'nthaka, ndiye mukapopa lero, mawa thanki yadzazanso kuchokera kumbuyo. Choopsa n'chakuti thanki yopanda kanthu m'nthaka yonyowa imakankhidwa kuchokera pansi: ya pulasitiki imatumphuka n'kuthyola mapaipi, ya njerwa makoma amagwera mkati. Popani pang'ono, madzi atsikeko kufika pa theka basi, zotsalazo kudikira nthaka iume.

Injiniya wa zamadzi, Chikwawa Boma:
Mfundo imeneyo ikutipatsa chinthu china choti tiyeze, ndipo n'chotchipa. Kumbani kabowo ka mamita 2 kapena 3 pafupi ndi dzenje lomwetsera, ikanimo paipi ya PVC yochekedwachekedwa m'munsi, zungulizani mchenga wokhakhala, pamwamba tsekani ndi dongo kapena simenti kuti mvula isalowere pomwepo. Mmenemo muziona mlingo wa madzi a m'nthaka, kaya ndi sensa yachiwiri kaya ndi tepi pamanja. Madzi a m'thanki ndi a m'kabowoka akakwera limodzi, vuto ndi nthaka, galimoto isabwere. A m'thanki okha akakwera, ndi kutsekeka, tumizani pulambala.

Kwa amene ali ndi chitsime cha pampu ndi sensa ya mlingo, simukusowa mita yoyeza madzi odutsa, yomwe ndi yodula ndipo imatsekeka. Chitsimecho ndi choyezera kale. Chikakhala cha mamita 2 m'mimba mwake, pansi pake ndi masikweya mita 3.14. Ngati pakati pa pozimitsira ndi poyatsira pali theka la mita, ndi malita 1,570. Chikadzaza m'mphindi 20, madzi akulowa malita pafupifupi 4,700 pa ola. Pampu ikachitsitsa m'mphindi 5, ndi malita 18,800 pa ola, kuphatikiza 4,700 amene amalowa ikupopa, pampuyo ikukoka pafupifupi 23,500. Mwezi wamawa ikatenga mphindi 8 pa madzi omwewo, yayamba kufooka, kapena valavu yoletsa madzi kubwerera sikutseka.

Onaninso zimene zimachitika pakati pa 2 ndi 4 koloko usiku, anthu ali mtulo. Chitsime chikamadzazabe msanga nthawi imeneyo, madzi akulowa si a m'zimbudzi. Mwina ndi matoileti otayikira, mwina ndi a m'nthaka olowera m'malumikizidwe a mapaipi. Poti madera ambiri kuno madzi a pansi ndi a mchere, kamita ka m'manja koyeza mchere kakhoza kukuthandizani: usiku mchere ukakwera kuposa wa madzi a pa mpope, ganizirani za paipi yosweka pansi. Mlingo ukalumpha mphindi zochepa mvula itangoyamba, wina walumikiza madzi a padenga ku suweji kapena chivindikiro china chili pansi pa msewu wa madzi.

Mayi wa zaumoyo, Nsanje Boma:
Abambo, ndalondola bwino, koma ndikufuna tisaiwale chifukwa chake. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje ndi limodzi mwa maboma amene anayamba kukhudzidwa. Suweji ikasefukira pa chipatala kapena pa sukulu, kusiyana kwa ola limodzi ndi tsiku limodzi n'kwakukulu kwambiri. Choncho uthenga usamathere kwa wokonza pampu yekha. Alamu ya "madzi atulukira kunja" izifikanso kwa wa zaumoyo wa pamalopo, kuti atchinge malowo, aletse kutunga pa mjigo kapena chitsime chapafupi mpaka madzi atayezedwa, ndi kuthira kulorini.

Muyezo wake ndi uwu, pogwiritsa ntchito kulorini ya ufa yotchedwa HTH, ya 70 peresenti. Pa chimbudzi ndi masanzi enieniwo, magalamu 30 pa lita imodzi, ndiyo ya 2 peresenti. Potsuka pansi, makoma ndi nsapato za jombo, magalamu 3 pa lita, ya 0.2 peresenti. Yosambira m'manja ndi ya 0.05 peresenti. Chonde musathire kulorini m'thanki ya septic kapena m'dziwe poganiza kuti mukupha fungo, mukupha tizilombo timene timaoletsa zonyansazo.

Chachiwiri ndi moyo wa amene akaike masensawa. Pasapezeke munthu wolowa m'manhole chifukwa cha kamangidwe ka bulaketi. Mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha mazira oola uja, ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umakhala pansi, ndipo kutentha kwathu kumauchulukitsa. Ukafika cha m'ma 100 ppm (magawo 100 pa miliyoni a mpweya) mphuno imafa, munthu amaganiza kuti fungo latha. Pa 700 ppm amagwa pomwepo, ndipo wotsikira kukamupulumutsa amagwanso. Ngati kulowa n'kosapeweka, pakhale mita yoyeza mipweya inayi yotsitsidwa ndi chingwe kaye: oxygen isachepere 19.5 peresenti, hydrogen sulphide isafike 10 ppm, pakhale chopemerera mpweya, lamba ndi chingwe, ndi anthu awiri pamwamba.

Wokonza mapampu, Nchalo:
Zoona mayi. N'chifukwa chake zonse zimangidwe kuti zizitulutsidwa munthu ali pamwamba. Bulaketi ikhale pakamwa penipeni pofikira dzanja, mafuloti alendewere pa tcheni chimodzi chokhala ndi cholemera kumapeto, chokokedwa ndi ndodo ya ngowe. Chitsulo chake chikhale stainless 316. Cha galvanised mpweya uja umachidya, mabawuti amangofumbutuka, sensa n'kugwera m'kamwa mwa pampu.

Wamagetsi ndi sola, Bangula:
Mpweya womwewo umadyanso kopa. Umakwera kudzera m'paipi ya mawaya mpaka m'bokosi, ma terminal onse n'kuda bii, bolodi n'kufa. Tsekani paipiyo mbali zonse ziwiri ndi duct seal kapena resin. Mawaya alowere pansi pa bokosi kudzera m'ma gland omanga bwino, osati pamwamba. Bowo lililonse lotsala nyerere ndi mavu amanga momwemo.

Tsopano za mphamvu. Chipangizo chotumiza uthenga chisadalire magetsi a pampu, chifukwa nthawi imene magetsi azima ndi imene tikuchifuna. Tonse tikukumbukira Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 anachoka pa gridi kwa nthawi yaitali. Werengani motere: chipangizo chodya watt imodzi chimafuna 24 Wh pa tsiku. Batire la 12 V 7 Ah lili ndi 84 Wh, koma la lead silifunika kutsika kupitirira theka, ndiye muli ndi 42 Wh, osakwana masiku awiri. Namondwe amabisa dzuwa masiku angapo otsatizana. Konzekerani masiku 5, ndiwo 120 Wh, kutanthauza batire la 12 V 20 Ah kapena 26 Ah. Panelo ya ma watt 30 ikwana kulidzaza dzuwa likabwerera.

Kutentha kumapha mabatire kuposa ntchito. La lead moyo wake umafupika ndi theka pa madigiri 10 aliwonse opitirira 25. Bokosi lachitsulo lili padzuwa la Novembala, dzuwa likuswa mtengo, mkati mumatentha kuposa kunja. Lipakeni penti yoyera, likhale pansi pa panelo kapena kadenga kosiya mpata wa mphepo. LiFePO4, mtundu wina wa batire la lithium, imapirira bwino, koma nayonso safuna kuitchaja ikupitirira madigiri 45.

Chomaliza ndi mphenzi ndi akuba. Ndodo ya earth, surge protector pa waya wa 4-20 ndi pa antena. Panelo ikhale pa mtengo wachitsulo wa mamita 4, fulemu yowotcherera, ndi kaswitchi pa chitseko cha bokosi kotumiza meseji chikatsegulidwa.

Mnyamata wa makompyuta, Dyeratu:
Mbali ya netiweki ndiyankhe ine. Pa malo amodzi kapena awiri, SIM khadi ndi yokwanira. Tengani chipangizo cholowa ma SIM awiri, TNM ndi Airtel, chifukwa nsanja imodzi ikhoza kugwa ina ilipo. Data sivuta: mphindi 15 zilizonse ndi mauthenga 96 pa tsiku, uliwonse ukakhala 1 KB ndi pafupifupi 3 MB pa mwezi. Chimene chimapha ntchito ndi bandulo kutha tsiku lake munthu osakumbukira, kapena nambala kutsekedwa chifukwa yakhalitsa osaikamo mayunitsi. SIM ilembetsedwe m'dzina la bungwe, osati la munthu amene mawa asamutsidwa, ndipo ikhale yolipira pa mwezi. Alamu izipita pa SMS, ma graph okha ndiwo adalire intaneti.

Modemu ya 2G potumiza imakoka mpaka ma amp 2 kwa kanthawi kochepa. Waya wa batire ukakhala wopyapyala kapena wautali, imazima n'kudzukanso osatumiza kanthu, anthu n'kumati netiweki. Waya wonenepa ndi capacitor ya 1,000 µF pafupi ndi modemu zimathetsa zimenezo.

Pamene pali ma manhole ambiri, monga pa esiteti, LoRa, wailesi yotumiza mauthenga aang'ono patali ndi mphamvu yochepa, ndiyo yabwino: gateway (cholandirira mauthenga a masensa onse) imodzi pamwamba pa thanki ya madzi, masensa a batire la lithium la 3.6 V lokhala zaka. Chigwa chathu n'chosalala, ndiye antena zikaonana zimafika makilomita angapo. Koma pansi pa chivindikiro chachitsulo mphamvu imafera momwemo, ndipo nzimbe zikatalika zimadulanso mtunda. Antena ituluke panja pa mtengo wa mamita 3, kapena chivindikiro chisinthidwe chikhale cha fibre. Zambiri zobwera kuno ndi za 868 MHz. Musanaitanitse funsani a MACRA za chilolezo cha zipangizozo.

Pulambala, Ngabu:
Osaika m'manhole aliwonse ayi. Sankhani amene amavuta: pamene paipi yakhota, pamene mizere iwiri yakumana, wotsatira khitchini, ndi wotsikitsitsa amene amayamba kusefukira. Paipi ya mamilimita 100 imafuna kutsetsereka kwa 1 pa 40, ya 150 imafuna 1 pa 60, kuti madzi azikokolola okha zinyalala. Kuno zambiri zinaikidwa mogona kuposa pamenepo chifukwa malo sanalole. M'malo otere madzi akamakhala pa theka la paipi usiku, osatsika, mchenga wayamba kuunjikana. Pitani ndi ndodo zotokosera sabata yomweyo, musadikire alamu yofiira.

Mayi wa zaumoyo, Nsanje Boma:
Nanga madzi osefukira? Mu Malichi 2023 Freddy atadutsa, misewu inaduka, madera ngati Makhanga osafikika pa galimoto. Zipangizozi zipulumuka?

Injiniya wa zamadzi, Chikwawa Boma:
Zikaikidwa moganizira, inde mayi. Funsani akuluakulu a pamalopo ndi kuona zizindikiro pa makoma, pamene madzi anafika mu 2015, 2019, 2022 ndi 2023. Bokosi la magetsi ndi batire zikhale mita imodzi pamwamba pa mzere wokwera kuposa yonse. Zotsala pansi zikhale za IP68, zosalowa madzi ngakhale zitamira, malumikizidwe othiridwa resin, osati tepi.

Pa paipi yotulukira ku ngalande kapena kumtsinje pakhale valavu yoletsa madzi kubwerera, apo ayi mtsinje ukakwera umalowa m'mapaipi n'kutulukira m'matoileti. Fuloti imodzi kunja kwa valavuyo imakuuzani kuti mtsinje wafika. Ikalira pamodzi ndi pampu yoyenda mosalekeza, dziwani kuti pampu ikupopa mtsinje, ndipo ndi bwino kuizimitsa isanapse. Pakhalenso fuloti pa mwendo wa bokosi yodula magetsi onse madzi asanafikepo, kuteteza anthu oyenda m'madzimo.

Pa maiwe, yezani mpata wotsala pakati pa madzi ndi pamwamba pa khoma, usachepere theka la mita. Apa ndi pamene ultrasonic ya m'bale wathu ikhoza kugwira ntchito, ili ndi kadenga. Masensa a oxygen ndi pH ndingati adikire kaye, amafuna kutsukidwa sabata iliyonse ndi mankhwala oyezera amene amavuta kupeza. Woyang'anira atumize chithunzi pa WhatsApp m'mawa uliwonse: dziwe lachiwiri likhale lobiriwira, likayamba kutuwa kapena kufiirira ndiye lalemedwa. Zoyeza madzi otuluka mogwirizana ndi malamulo a MEPA (bungwe loona za chilengedwe) ndi National Water Resources Authority ndi za ku labu, sensa siilowa m'malo mwake.

Wokonza mapampu, Nchalo:
Katcheredwe ka alamu kasaiwalike, chifukwa alamu yolira pachabe anthu amasiya kuimvera. Madzi akhale pamwamba masekondi 60 isanatumize, kuti mafunde a pampu asamaiputire. Ikalira pa mamita 1.8, izinena kuti zatha madzi akatsika pa 1.7, osati pa 1.8 pomwepo, apo ayi mulandira mameseji 50 usiku umodzi. Magetsi akazima, dikirani mphindi 5. Pampu ikayaka koposa ka 10 pa ola, ichenjeze, mafuloti ayandikana kwambiri kapena valavu ikubweza madzi, ndipo mota itentha.

Mnyamata wa makompyuta, Dyeratu:
Ndipo m'mawa uliwonse 6 koloko chipangizocho chizitumiza uthenga woti chili moyo, ndi mlingo wa madzi ndi mphamvu ya batire. Tsiku limene sunabwere, limenelo ndi alamu. Mawu ake akhale achichewa, afupiafupi: "PAMPU 1 YAIMA. MADZI 1.8 m. ESCOM ILIPO." Usiku meseji siidzutsa munthu, ndiye chipangizo chiziimbanso foni. Wokonza akapanda kuyankha m'mphindi 30, upite kwa womuyang'anira.

Mwini galimoto yopopa zimbudzi, Nsanje:
Muikenso nyali yofiira ndi sairini pamalopo, mlonda aone ndi maso netiweki ikagwa. Ndipo abwana a maofesi agwirizane ndi wopopa mvula isanayambe, mtengo ndi kotayira zidziwike. Galimoto zopopa kuno n'zowerengeka, uthenga ukafika ndalama ya mafuta isanavomerezedwe, zonyansa zizingoyenderera mapepala akuyenda.

Injiniya wa zamadzi, Chikwawa Boma:
A mapampu, funso lomaliza kwa inu. Kuyesa kwa mwezi ndi mwezi kuzikhala kotani, kuti woyang'anira wamba athe yekha?

Wokonza mapampu, Nchalo:
Mphindi 20 zikwana, anthu awiri, palibe wolowa. Atsegule chivindikiro, aime cha kumene mphepo ikuchokera, adikire mpweya utuluke. Akoke tcheni cha mafuloti ndi ngowe, achotse mafuta ndi nsanza ndi ndowa ya madzi, atembenuze fuloti ya alamu m'mwamba kwa mphindi imodzi ndi theka, aone kuti meseji yafika pa mafoni onse olembedwa ndipo sairini yalira. Kenako ayeze ndi tepi kuchokera pa chizindikiro cha penti cha pakamwa mpaka pamadzi, afananize ndi zimene sensa ikunena. Zikasiyana kupitirira masentimita 5, sensa itsukidwe ndi nsalu yofewa, osatokosa nkhope yake ndi waya. Azimitse magetsi pa isolator aone ngati uthenga wa kuzima wabwera, apukute fumbi pa panelo, ayang'ane silica gel. M'sitolo mukhale fuloti imodzi yapadera, ma fuse, ndi contactor ya saizi ya pampu yanu, poti zimenezi nthawi zambiri mumakazipeza ku Blantyre, ndipo msewu wa Thabwa nthawi ya mvula sudalirika.